Kuseri kwa Kabati: Phunziro la Chinyezi ndi Nkhungu M'nyumba Zathu

Phunziro la sabata ino likutilowetsa kuchipinda, ndipo likufuna kuti tikankheko kabati. Ambirife timasesa tsiku ndi tsiku, timakolopa, timapukuta tebulo la pabalaza mpaka kuwala, koma wadiropu, sofa ndi bedi zimakhala pomwe tinaziika tsiku lolowa m'nyumbamo. Chaka chimatha, china n'kubwera. Tsiku lomwe tidzazisunthe, mwina posamuka kapena pokonzekera alendo a chinkhoswe, ndi pomwe timapeza khoma litada bii, penti itatukumuka, thabwa la kumbuyo kwa kabati litayera mbuu, ndiponso gwero la kafungo kaja kamene takhala tikukamva m'zovala osadziwa komwe kakuchokera.

Kuno ku Mangochi vutoli lili ndi chifukwa chake. Tawuni yathu yakhala pakati pa madzi: kumpoto Nyanja ya Malawi, kummwera Nyanja ya Malombe, ndipo Shire akudutsa pakati pathu pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi. Tili kuchigwa, mamita osakwana 500 kuchokera pa mulingo wa nyanja ya mchere, pamene Blantyre ili pamwamba pa mamita 1,000. N'chifukwa chake kuno kumatentha, ndipo mvula ikayamba mu Disembala mpaka Malichi kapena Epulo, kutenthako kumabwera ndi mpweya wolemera ndi madzi. Pansi pa nthaka napo madzi sali patali. Aliyense amene anakumbapo chitsime kapena dzenje la chimbudzi kufupi ndi mtsinje kapena nyanja akudziwa zomwe ndikunena. Tisaiwalenso zaka zapitazi: namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, kenaka kudzaza kwa nyanja mu 2024, pamene madzi analowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja. Madzi aja anabwerera, koma khoma lomwe linamwa madzi siliuma tsiku lomwe madziwo aphwera. Limatenga miyezi.

Nkhungu ndi chamoyo, m'bale wake wa bowa. Ena amati nguwi, ndipo ikagwira chimanga kapena mtedza timati chuku. Njere zake n'zazing'ono zosaoneka ndi maso, zimauluka mumpweya, ndipo zilimo m'nyumba iliyonse, ya olemera ndi ya osauka yomwe. Palibe tsache lomwe lingazithetse. Choncho mayi amene wapeza nkhungu kuseri kwa kabati asachite manyazi ngati kuti ndi wauve. Nkhani si ya ukhondo wokha ayi. Njerezi zimangodikira malo onyowa, a chakudya, komanso opanda kamphepo. Chakudya chake ndi thabwa, pepala, nsalu, chikopa cha nsapato, ngakhale fumbi lomwe lakhala pa khoma. Chinthu chikanyowa n'kukhala chosauma tsiku limodzi kapena awiri, nkhungu yayamba kale kumera. Pa zinthu zitatuzi, chakudya sitingachichotse chifukwa ndiye katundu wathuyo. Zomwe zili m'manja mwathu ndi madzi ndi mpweya.

Tikaganiza bwino, kuseri kwa wadiropu yogunda khoma ndi munda wabwino kwambiri wa nkhungu. Dzuwa silifikako. Ngakhale mutsegule mawindo onse, mphepo imadutsa pakati pa chipinda n'kutuluka, osakhudza kampata kaja. Khoma likanyowa, mbali yomwe ili poyera imauma masana, koma mbali yobisika imakhalabe yonyowa kufikira mvula ina itabwera kudzawonjezera.

Vutoli si la lero. M'buku la Levitiko, mutu 14, kuyambira ndime 33, muli malamulo a nyumba yomwe makoma ake aoneka mawanga obiriwira kapena ofiirira. Mwini nyumba ankakauza wansembe, ndipo wansembeyo asanalowe ankalamula kuti katundu yense atulutsidwe. Akayang'ana, ankatseka nyumbayo masiku asanu ndi awiri. Akabweranso n'kupeza kuti mawanga afalikira, miyala yogwidwayo inkagumulidwa n'kukatayidwa kunja kwa mzinda, mkati mwa nyumba ankapala, n'kuikamo miyala ina ndi kumatanso. Vuto likabwereranso, nyumba yonse inkagwetsedwa. Sindikunena kuti mawa mukagogode kwa Bambo Mfumu kuti adzaone khoma lanu. Ali nazo kale ntchito zokwanira. Koma taonani dongosolo lake: kutulutsa katundu, kuyang'anitsitsa, kudikira kuti aone ngati zikufalikira, kenaka kuchotsa chomwe chaonongeka mpaka mkati. Sankangopaka utoto pamwamba. Ife timakonda kuyambira kumapeto, kugula penti tisanadziwe komwe madzi akuchokera, ndipo Febuluwale akamafika banga lija latulukiranso pa penti yatsopano.

Funso loyamba tsono ndi lakuti: madziwa akuchokera kuti? Khoma limayankha lokha mukaliyang'ana bwino.

Ngati kunyowako kwayambira pansi n'kumakwera, kawirikawiri osapitirira mita imodzi, ndipo pamwamba pake pali mzere ngati wa madzi ophwera, ndiye kuti khoma likuyamwa madzi a m'nthaka. Njerwa ili ndi timabowo ting'onoting'ono, ndipo imakoka madzi monga chingwe cha nyali chimakokera palafini. Pofuna kutchinga zimenezi, amisiri amayala pulasitiki yakuda yochindikala pamwamba pa maziko asanayambe kukweza khoma, ija amati DPC. Nyumba zambiri zomangidwa mothamanga zilibe, kapena anayala pulasitiki yopyapyala yomwe inang'ambika tsiku lomwelo. Zina zili nayo, koma eni ake anadzaunjika dothi kapena mchenga kukhoma, kapena kulima bedi la maluwa logunda nyumba, mpaka nthaka inakwera kupitirira pulasitikiyo. Zikatero madzi amangolambalala. Pulasitikiyi imayenera kukhala pafupifupi masentimita 15 pamwamba pa nthaka ya panja. Zungulirani nyumba yanu, muone ngati nthaka sinakwere. Khasu lokha lingathetse vuto lomwe mukanawonongerapo ndalama zambiri.

Pa khoma lotere mumaonekanso ufa woyera ngati mchere, ndipo ambiri amausokoneza ndi nkhungu. Ndi mcheredi, wochokera m'nthaka ndi m'njerwa, womwe umatsala madzi akauma. Mukaupala n'kuuika m'madzi umasungunuka, pamene nkhungu siisungunuka. Mcherewu sudwalitsa munthu, koma ndi mboni yakuti madzi akuyenda m'khomamo, ndipo ndi umene umathothola pulasitala.

Ngati banga lili pamwamba, pakona, kapena pansi pa windo, yang'anani denga. Msomali umodzi wa malata womwe wakhwefuka umatha kudontheza madzi pamutu pa khoma nyengo yonse. Nyumba ya denga lalifupi, lopanda khonde, imamenyedwa ndi mvula ya mphepo mbali imodzimodzi chaka ndi chaka, makamaka ngati kunja sikunapakidwe pulasitala. Madzi ogwa kuchokera pa malata nawo amakumba kangalande m'mphepete mwa khoma n'kumadikha pomwepo. Ndipo ngati khoma lonyowalo ndi lomwe kuseri kwake kuli bafa kapena sinki, ndiponso silikuuma ngakhale mu Okutobala, kayikirani paipi. Tsekani mipopi yonse, lembani nambala ya pa mita ya madzi, mudikire ola limodzi kapena awiri. Nambala ikasintha, madzi akutayikira penapake, ndipo mukulipira bilu yonyowetsera khoma lanu lomwe.

Gwero lina ndi lovuta kulikhulupirira chifukwa silioneka: mpweya wa m'nyumba momwemo. Mpweya wotentha umanyamula madzi ambiri kuposa wozizira. Pa madigiri 30, mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse ungasenze pafupifupi magalamu 30 a madzi, koma ukazizira kufika pa madigiri 20 umangokwanitsa magalamu 17. Otsalawo umawatula pa chilichonse chozizira. N'zomwe mumaona pa botolo la Fanta lochokera mufiriji, komanso m'bandakucha malata akamadontha mvula isanagwe. Tsono ganizirani chipinda chomwe mwagona anthu anayi, mawindo otseka, chitseko chotseka, pachingwe pali zovala zomwe sizinaume chifukwa kunja kunali mvula. Madzi onse a m'zovalazo sapita kwina. Amalowa m'matiresi, m'makatani ndi m'matabwa.

Pali njira yosavuta yosiyanitsira. Dulani pulasitiki yoonekera mkati, yaikulu ngati tsamba la kope lalikulu, muimate pa khoma ndi selotepi mbali zonse zinayi kuti mpweya usalowe. Isiyeni masiku awiri. Madontho akapezeka mkati, pakati pa pulasitiki ndi khoma, madzi akuchokera m'khomamo, ndipo ntchito ili kunja kwa nyumba. Akapezeka pamwamba pa pulasitiki, mbali ya kuchipinda, vuto ndi mpweya wa m'chipindamo.

Ndikudziwa chifukwa chomwe timatsekera. Udzudzu wa kuno si wamasewera, akuba nawo alipo, ndipo nthawi ya mwera fumbi ndi kuzizira zimatikakamiza kutseka mabowo a mpweya a pamwamba pa mawindo ndi mapepala kapena nsanza. Koma mwera ukatha, ndani amakumbukira kuchotsa nsanzazo? Omanga anasiya mabowo aja ndi cholinga. Kuli bwino kuwakhomera waya wa sefa wotchinga udzudzu kusiyana ndi kuwatseka. Mawindo atsegulidwe mbali ziwiri zoyang'anana kuti mphepo ilowe uku n'kutulukira uko. Windo limodzi lokha silichita zambiri. Nthawi yabwino ndi dzuwa likakwera, osati mvula ili mkati kapena itangosiya kumene.

Tsopano za katundu, zomwe aliyense angachite lero lomwe akaweruka ku Misa. Pakati pa khoma ndi kabati, sofa kapena mutu wa bedi pakhale mpata woti dzanja lanu lilowe momasuka, masentimita 5 mpaka 10. Ana amakankha mipando n'kuibwezera kukhoma, choncho ikani kachidutswa ka thabwa pansi kuti mpatawo usatsekeke. Pansi napo pafunika mpweya. Kabati yopanda miyendo, yokhala phwathalala pa simenti, ikwezeni pa timatabwa kapena njerwa, ndipo pamwamba pa njerwayo muikepo kapulasitiki poti njerwa nayo imayamwa. Pamwamba pa wadiropu tisamapanikizepo masutikesi mpaka kudenga, chifukwa mpweya wolowera pansi uyenera kupeza potulukira. Ngati chipinda chikulola, katundu wamkulu atsamire khoma la mkati, logawa zipinda, osati la kunja lomenyedwa ndi mvula kapena logundana ndi bafa.

Apa ndinenepo maganizo anga pa zogula. Makabati a bolodi, aja opangidwa ndi utuchi wopanikiza ndi guluu n'kukutidwa ndi pepala lowala, amakongola m'sitolo ndipo mtengo wake umakopa. Koma kuno kunyanja ndi alendo osakhalitsa. Bolodi ikamwa madzi imafufuma, zomangira zimazuka, ndipo siibwereranso mwakale ngakhale muiyanike mwezi wathunthu. Thabwa lenileni la kwa kalipentala limanyowa n'kuumanso. Mukamapangitsa kabati, muuzeni mmisiri aike miyendo yotalikirapo, apake vanishi ngakhale kumbuyo ndi kunsi komwe amakonda kusiya, ndipo aboole timabowo tingapo pa thabwa la kumbuyo, m'munsi ndi m'mwamba. Adzadabwa, koma kabati ndi yanu. Amene matiresi awo ali pansi pa simenti, aziwaimika kukhoma m'mawa uliwonse ndi kuwatulutsa padzuwa likaoneka. Chovala chisalowe m'kabati chisanaumitsitse, ngakhale chitasitidwa. Nthunzi ya simbi nayo ndi madzi.

Nkhungu ikapezeka, musaipale youma ndi tsache kapena bulashi, chifukwa mukatero mukuulutsa njere zake m'nyumba monse ndi m'mapapo mwanu. Tulutsani ana, tsegulani mawindo, valani chotchinga kukamwa ndi mphuno, ndi magolovesi kapena majumbo m'manja. Yambani ndi madzi a sopo ndi kansanza. Pa khoma la simenti kapena matailosi mungatsatize ndi Jik, kapu imodzi m'malita anayi a madzi, n'kusiya mphindi khumi musanapukute. Chonde, Jik asasakanizidwe ndi china chilichonse, kaya viniga, kaya mankhwala otsukira chimbudzi. Kusakaniza kumatulutsa mpweya wapoizoni womwe umawotcha mapapo. Dziwaninso kuti pa thabwa ndi bolodi Jik amangoyeretsa pamwamba, mizu ya nkhungu ili mkati. Thabwa lenileni litsukeni, liume padzuwa, mulipale ndi sandipepala panja, kenaka vanishi. Bolodi yomwe yafufuma n'kuda, kapena matiresi omwe anamira m'madzi osefukira, ndi zotaya, ngakhale mtima ukuwawa. Banga likaposa mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, kapena likabwerera mutatsuka, imeneyo ndi ntchito ya mmisiri womanga.

Pa za penti, khoma lonyowa silifuna penti ya mafuta. Imatsekera madzi mkati, kenaka imatukumuka n'kusupuka. Laimu, yemwe ena amamuona ngati wachikale, amalola khoma kupuma ndipo nkhungu siimukonda. Nyumba yatsopano nayo imakhala ndi madzi ambiri a m'matope ndi m'pulasitala. Amene mwalowa m'nyumba yongomalizidwa kumene, musafulumire kugunditsa katundu kukhoma chaka choyamba.

Chenjezo limodzi lomwe ndikupempha kuti mukauzeko ndi anzanu a kumphakati: musayese kuumitsa chipinda poikamo mbaula ya makala n'kutseka zitseko, makamaka usiku. Makala oyaka amatulutsa mpweya wopanda fungo kapena mtundu, womwe umapha munthu ali m'tulo. Makala osayatsa oikidwa m'kabati amachepetsako fungo, koma saumitsa khoma.

Wina anganene kuti zonsezi ndi za katundu chabe. Ayi ndithu. Mu 2009 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo okhudza chinyezi ndi nkhungu m'nyumba, ndipo linapeza kuti okhala m'nyumba zotere amavutika kwambiri ndi chifuwa, kubanika ndi mphumu. Mwana amene amatsokomola usiku uliwonse koma akapita kutchuthi kwa agogo ku Namwera amagona bwinobwino, kayang'aneni kuseri kwa bedi lake. Palinso gulu lina lofunika kulisamala: omwe anadwalapo TB, ndi omwe chitetezo cha m'thupi mwawo n'chochepa. TB imatha kusiya mabowo m'mapapo ngakhale munthu atachira, ndipo mtundu wina wa nkhungu wotchedwa Aspergillus umatha kumera m'mabowomo. Anthu otere asamagone m'chipinda cha nkhungu ndipo asamapatsidwe ntchito yoitsuka. Izi sizikutanthauza kuti chifuwa chilichonse ndi cha khoma. Chifuwa chikatha masabata awiri, pitani kuchipatala cha boma kapena cha pafupi nanu akakuyezeni, ndipo mukawauze adokotala ngati m'nyumba muli chinyezi.

Katundu wina amene amagunda khoma m'nyumba zathu sitimuwerengera pa mipando, koma ndi wofunika kuposa sofa: matumba a chimanga. Nkhokwe za panja zinachepa chifukwa cha akuba, ndipo masiku ano chimanga chimagona nafe kuchipinda, chosanjikizana pakona, pa simenti. Thumba la pansi ndi logunda khoma ndi lomwe limayamba kuchita chuku. Chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene satha ndi kuphika, amaononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa, ndipo amakhudzana ndi kupinimbira kwa ana. Mu 2004 kummawa kwa dziko la Kenya anthu 125 anamwalira atadya chimanga chotere. Matumba akhale pa matabwa kapena mitengo, atalikirane ndi khoma mwina theka la mita, kuti munthu athe kusuzumira kuseri. Musanasunge, yesani kuuma kwake: ikani chimanga chodzaza dzanja m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma, tsekani, khutchumulani, mudikire pang'ono. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa. Matumba osalowa mpweya, monga a PICS, amathandiza pokhapokha chimanga chitalowamo chouma. Chimanga kapena mtedza wa chuku musapatse nkhuku kapena mbuzi poganiza kuti mwapulumutsako kanthu, chifukwa poizoniyo amadwalitsa ziweto ndipo amatha kufika mumkaka.

Mapepala nawo. Makadi a ubatizo, masatifiketi a sukulu, mapepala a malo ndi zithunzi za ukwati timakonda kuzisunga m'sutikesi pansi pa bedi kapena m'dirowa ya pansi penipeni, malo omwe chinyezi chimayambira. Ziumitseni kaye pamthunzi pouma, muziike m'jumbo yotseka bwino kapena m'chigoba cha pulasitiki cha chivindikiro, n'kuziika pamwamba. Zijambuleninso pa foni.

Ambiri mwa ife m'tawuni muno tili pa lendi, ndipo mwina mukuti: denga si langa, maziko si anga, ndichitenji? Mpata wa kuseri kwa kabati, mawindo ndi matabwa a pansi pa matumba zili m'manja mwanu, ndipo sizifuna chilolezo cha wina aliyense. Zotsalazo n'zokambirana ndi eni nyumba, ndipo nthawi yake ndi Seputembala ndi Okutobala, kukali kouma, pamene mmisiri angakwere padenga ndipo simenti ingaume. Jambulani banga lija pa foni lisanafufutike ndi dzuwa, kuti pokambirana pasakhale kukanirana. Ngati mwagwirizana kuti mukonze nokha n'kudula pa lendi, zilembedwe papepala ndipo malisiti asungidwe. Inunso eni nyumba, amene muli nawo m'tchalitchi muno, khoma lomwa madzi ndi lanu. Wa lendi adzasamuka, koma pulasitala wothothoka ndi njerwa zofumbutuka zidzatsala ndi inu. Kukonza msomali wa denga, kukumba ngalande yopititsa madzi kutali, ndi kuthira kasimenti kotsetsereka kuzungulira nyumba n'zotsika mtengo kusiyana ndi kumanganso khoma.

Kwa amene mukufuna nyumba ya lendi, ikayendereni nthawi ya mvula ngati n'kotheka. Mukalowa, imani kaye mununkhize musanatsegule windo. Gwirani khoma m'munsi ndi kuseri kwa dzanja, yang'anani m'makona ndi kudenga, ndipo mukaona penti yatsopano yopakidwa m'munsi mokha, kuyambira pansi kulekeza m'chiuno, funsani chifukwa chake musanapereke ndalama.